Gitala Yopanda Dzina

M'banja mwathu simunaloŵe gitala kwa zaka zoposa 40, ndipo chifukwa chake sichinali umphaŵi wokha ai. M'chaka cha 1981, tili mu Sitandade 5, ife tinakhoma gitala yathuyathu. Thupi lake linali chigubu cha mafuta ophikira, khosi lake mtengo wa bulugamu wosema ndi chikwanje, ndipo nsambo zake zinai tinazisolola ku waya wa mabuleki a njinga. Inalira sabata imodzi yokha. Bambo athu, amene anali kapitao pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, anaipeza kuseri kwa nkhokwe, naithyolera pa bondo, naponya khosi lija pa moto pamene amai analikuphika ndiwo. Sanatikwapule, ndiponso sanachulukitse mau. Anangofunsa kuti, "Kodi amalume ako wawaiŵala?"

Sitinawaiŵale konse. Amalume athuwo, mlongo wao wa amai, anali mmodzi wa amuna zikwizikwi amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg, kumene akuluakulu ankangoti ku Joni, kudzera ku Wenela. Anabwerera kumudzi boma litaimitsa maulendo a ku migodi chifukwa cha ngozi ya ndege imene inachitika ku Francistown mu April 1974, m'mene munafera Amalaŵi oposa 70. Anafika ndi sutikesi yachitsulo, jekete lakuda, ndi gitala ya Gallotone yonyezimira ngati galasi. Miyezi yoyamba mudzi wonse unkasonkhana pa khonde pao madzulo, ndipo ife, tili kamwana, tinkagona tulo chikhalire pa mapazi ao. Koma pang'ono ndi pang'ono gitala ija inayamba kuitanidwa kulikonse kumene kwapsa moŵa, ndipo kumene gitala yaitanidwa mwini wake satsala. Sutikesi inapita, jekete linapita, potsiriza gitala yomwe anaipereka chikole kwa mai wina wotcheza kachasu, ndipo anamwalira asanaiombole. Tsono bambo athu poona chigubu chathu chija sanaone choseŵeretsa cha mwana. Anaona manda a mlamu wao. Lero imvi zatimera, ndipo sitingawanene kuti anali munthu wankhanza. Komabe kuyambira tsiku lija zala zathu sizinakhudzenso nsambo, ndipo zaka zonse za uphunzitsi wathu takhala tikuphunzitsa ana nyimbo ndi pakamwa ndi kuomba m'manja basi.

Amene anadzutsa nkhani yogonayi ndiye mzime wathu, mtsikana amene pa nthaŵiyo, mu 2023, anali ndi zaka 13. Analoŵa kwaya ya achinyamata, ndipo kwayayo ili ndi gitala imodzi yaikulu imene anyamata amalandirana. Tsiku lina anamlola kuti aigwireko. Anabwera kunyumba ali duu, ndipo tikudya nsima anati, "Bambo, kodi magitala onse amawapangira anthu aakulu okhaokha? Ine mkono wanga sukufika pa nsambo." Amai ake anatiyang'ana, pakuti nkhani ya chigubu chija amaidziŵa. Tisanaganize n'komwe tinayankha kuti akakhoza bwino mayeso n'kuloŵa Sitandade 8, tidzampezera gitala yomuyenera. Anakhoza. Paja akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Tinayamba kusunga ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mu December tinakwera minibasi kupita ku Limbe tili ndi mtima woti tibwera nayo. Koma mwezi wa November chaka chomwecho ndalama ya kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo katundu yense wochokera kunja anali atakwera. Gitala yotsika mtengo kuposa onse inkafuna zonse zimene tinasunga, kuonjezapo ndalama za feteleza wobereketsa chimanga. Ndiponso magitala onse amene tinawaona anali aakulu ngati ya kwaya ija. Ambiri a ife timayesa kuti gitala inabadwa yotero, koma si choncho. M'zaka za m'ma 1800 magitala ambiri a ku Ulaya ndi ku America anali aang'ono, a m'chiuno moning'a, oimbira m'chipinda chochezera. Thupi lalikulu limene ladzaza masitolo lero linayamba ndi kampani ya Martin ya ku Pennsylvania mu 1916, ndipo limatchedwa Dreadnought, dzina la sitima yaikulu yankhondo ya Angerezi ya mu 1906. Ubwino wake ndi wakuti limamveka pakati pa zoimbira zina ndi pa khamu la anthu. Nanga mwana woimbira pa khonde la kwao, sitima yankhondo aifuniranji? Tinabwerera ku Luchenza titangogula nsambo zisanu ndi imodzi m'kapepala, kuti mwana aone kuti lonjezo silinafe.

Nkhani ya mmisiri tinaimva kwa mlonda wa pa sukulu pathu. Anati mbali ya ku Khonjeni, potsata njanji, kuli mkulu wina amene kale anali kalipentala pa esiteti, ndipo amakhoma magitala. Tiulule pano, pakuti tikabisa nkhani yonseyi ikhala yonama: tinaseka mumtima. Mphunzitsi, mkulu wa mpingo, n'kumgulira mwana gitala ya kumudzi? Tinali titaonapo ambiri otere pa msika, opakidwa penti wofiira, olira ngati chitini. Ife tomwe amene timaima kutsogolo kwa ana n'kumawauza kuti azinyadira za kwao, tikafuna kugula kanthu timayamba takatembenuza kuti tione ngati kalembedwa dzina lachizungu. Tinazengereza mwezi wathunthu. Amene anatikankha ndi mai a kunyumba, amene anati, "Kukaona si kugula. Pitani naye mwanayo."

Tinapita Loŵeruka lina kumapeto kwa January 2024, aŵiri pa njinga imodzi, njira ili matope okhaokha. Mmisiriyo tinampeza pa shedi yofolera ndi udzu, mkulu wa zaka zoposa 70, wa maso ofooka koma manja okhazikika. Zida zake zinali pulena imodzi, sowo, matchizulo atatu, ndi mipira ya njinga yodula imene amamangira matabwa podikira kuti guluu agwire. Anatiuza kuti ntchito yake yoyamba pa esiteti inali kukhoma mabokosi a tiyi, aja a matabwa opyapyala amene kale ankatumiziramo tiyi kunja asanabwere matumba a mapepala, ndipo magitala ake oyamba anawapanga ndi zidutswa za mabokosi othyoka. Sanatifunse kuti tili ndi ndalama zingati. Anaitana mwana nati, "Khala apa, mdzukulu wanga, tambasula mkono." Anatenga chingwe, nayeza kuchokera pa phewa kufika pa chigongono, kuchokera pa chigongono kufika ku nsonga za zala, nayezanso kutambasuka kwa chikhato, namanga mfundo paliponse pamene wayeza. M'masitolo onse amene tinaloŵa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti gitalayo adzaimba ndani.

Kenaka anatiuza mau amene sitinawakonde: "Aphunzitsi, mudzaitenge mu June." Titadandaula kuti miyezi yachuluka, anafotokoza kuti mtengo umamwa chinyezi ngati chinkhupule. Gitala yomatidwa m'dzinja, matabwa atafufuma, ikafika October imauma n'kung'ambika pamimba. Ndiponso khosi liyenera kukhala la mtengo wouma zaka zambiri, pakuti nsambo zachitsulo zikakungidwa zimakoka usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo mtengo wauŵisi umagonja, khosi n'kupindika ngati uta. Khosi, nthiti ndi msana anati apanga ndi mbaŵa, kuchokera ku chitseko chakale chimene anagula pa nyumba yogumuka. Pamimba, pamene pamabadwira mau, aikapo paini wopepuka wa mizere yoongoka. Pamenepo ife, pofuna kuonetsa kuti nafenso timaidziŵa mitengo, tinati tikhoza kumpezera thabwa la mkungudza kwa munthu wina wa ku Mulanje. Anatiyang'ana kanthaŵi, nati, "Thabwa limenelo analidula liti, ndipo anamlola ndani?" Manyazi anatigwira. Mkungudza, umene unaikidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala. Zimenezi timaziphunzitsa m'kalasi. Anatikumbutsa ndi munthu amene sukulu anailekera mu Sitandade 3.

Koma chimene chinatigwira mtima koposa ndi kandodo kake koyezera. Oŵerenga amene anagwirapo gitala adziŵa tizitsulo topingasa timene tili pa khosi, pamene woimba amadinikiza nsambo. Tizitsulo timeneti ndito timasiyanitsa gitala ndi chitini. Thupi likhoza kukongola, vanishi n'kuŵala, koma kachitsulo kamodzi kakaphonya malo ake ngakhale pang'ono, nyimbo imatuluka yopotoka, ndipo palibe kukunga kumene kungaiongole. Magitala ambiri a pa msika amagwera pomwepa, chifukwa owapanga amaika tizitsulo poyerekeza ndi maso. Mkuluyu anali ndi kathabwa kakuda ndi thukuta, kolembedwa timizere ndi mpeni. Ife tinali ndi rula m'thumba, monga mphunzitsi aliyense, ndipo tinakopera miyeso yonse m'kope. Usiku tinakhala pansi ndi cholembera, mtima uli ngati wa munthu wofuna kugwira mwana wobera mayeso. Lamulo lake ndi ili: kutalika kwa nsambo kugaŵidwe ndi 17.817, ndipo yankho ndilo mtunda wofika pa kachitsulo koyamba. Kutalika kotsalako kugaŵidwenso chimodzimodzi kuti tipeze kachiŵiri, choncho mpaka kumapeto. Pa nsambo ya masentimita 60, koyamba kagwe pafupi ndi masentimita 3.4, kachisanu pafupi ndi 15, kachisanu ndi chiŵiri pafupi ndi 20, ndipo kakhumi ndi chiŵiri pakatikati penipeni, pa 30, pamene nsambo imabwereza liu lake loyamba lija koma pamwamba. Tinaŵerengera kaŵiri. Kandodo ka mkuluyo sikanaphonye kuposa kunenepa kwa mzere wa pensulo.

Titabwerera kukapereka theka la ndalama tinamfunsa kumene anaphunzira masamu amenewo. Anaseka, nati masamu sawadziŵa. Timizereto anatikopera ali mnyamata pa gitala ya munthu wina wochokera ku migodi, amene anaibweretsa kuti aimate pamene inang'ambika. "Inali Gallotone," anatero, "kakang'ono ndithu, koma kolankhula zoona." Tinakhala chete. Sitikunena kuti inali ya amalume athu ai, pakuti magitala amenewo anabwera ambiri m'midzi ya Thyolo ndi Mulanje. Koma tinazindikira kuti muyeso wa chinthu chimene bambo athu anachiopa unali pa njira yobwerera m'nyumba mwathu, ndipo okautenga tinali ife tomwe. Tionjezepo kuti Gallotone nayonso siinali gitala ya olemera. Kampani ya Gallo ya ku South Africa inkaipangira anthu wamba, ndipo imodzi ya mtundu wa Champion, yaing'ono thupi, ndiyo inali gitala yoyamba ya John Lennon wa gulu la Beatles cha m'ma 1957, pamene gulu lake loyamba ku Liverpool linkaimbanso besi yopangidwa ndi bokosi la tiyi. Gitala yotchipayo inagulitsidwa ku London mu 1999 pa mtengo woposa mapaundi 100,000, osati chifukwa cha matabwa ake, koma chifukwa cha manja amene anaigwira.

Mu June tinakaitenga. Tisakokomeze, si gitala yopanda chilema. Vanishi anachita kupaka ndi kansalu, ndipo kumsana kuli malo aŵiri pamene anadontha. Pa nthiti imodzi pali chipsera cha msomali wa chitseko chija, chotsekedwa ndi utuchi ndi guluu. Zikhomo zokungira nsambo anazichotsa pa gitala ina yakufa, ndipo chimodzi chimafuna kuchinyengerera. Mau ake apansi ndi ochepa, pakuti thupi laling'ono silisunga mpweya wambiri. Amene afuna kugwedeza tchalitchi chonse asagule yotere. Koma mau apakati ndi apamwamba amatuluka oyera, nsambo iliyonse payokha, ndipo samiza liu la mwana woimba. Mtsikana wathu ataikhazika pa ntchafu, mkono unagwera wokha pa malo pake. Mtengo wake sunafike theka la ija ya ku Limbe.

Chimwemwe chinakhala sabata zitatu. Pa msonkhano wina wa achinyamata mnyamata wina anaitembenuza, nasuzumira m'bowo, nafunsa mokweza kuti, "Kodi imeneyi ndi ya kampani yanji?" Anzake anaseka. Mwana wathu anabwera, naikankhira pansi pa bedi, ndipo sanaitulutsenso. Ife tinachita chimene aphunzitsi timachidziŵa: tinamkhazika pansi n'kumpatsa phunziro. Tinamuuza za Allan Namoko, woimba wakhungu wa konkuno ku Thyolo, amene banjo yake ndi gulu lake la Chimvu zinkamveka pa wailesi ya MBC dziko lonse, ndipo anamwalira mu 1995. Tinamuuza za Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene luso lake linakopa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967. Tinamuuzanso za Madalitso Band a ku Lilongwe, amene ayenda maiko a ku Ulaya ndi gitala ya nsambo zinai ndi babatoni wopanga ndi manja. Anamvetsera mwaulemu, nati, "Ndamva, bambo." Gitala inakhalabe pansi pa bedi. Ndipo kunena zoona, tikanamdzudzula bwanji? Funso la mnyamata uja ndi lomwe lija tinafunsa ife mumtima pamene mlonda anatiuza za mmisiri.

Usiku wina magetsi atazima tinaisolola tokha. Tinakhala pa khonde, zala zouma ngati nkhuni, kuyesa kukumbukira pamene tinkaziika zaka 43 zapitazo. Zimene zinatuluka sizinali nyimbo. Galu wa pa nyumba yoyandikana nafe anauwa. Patapita kanthaŵi chitseko chinatseguka, ndipo mwana anati, "Bambo, chala chachitatucho mwachiika polakwika. Bweretsani ndikuonetseni." Kuyambira usiku umenewo mphunzitsi pa khonde pathu ndi iyeyo, ndipo sachita chisoni pokonza zolakwa, amai ake amati anatengera kwa ife. Ku kwaya anabwerera nayo yekha, osatiuza.

Chiperoni cha mu July, pamene nkhungu imaphimba minda ya tiyi masiku angapo dzuŵa osaoneka, chinafufumitsa pamimba pa gitala, nsambo zinakwera, ndipo zala za mwana zinayamba kupweteka. Ikanakhala ya m'sitolo tikanapita nayo kwa yani? Tinakweranso njinga. Mkulu uja anachotsa kafupa ka ng'ombe kamene nsambo zimatsamirapo, nakapala pang'ono pa mwala, nakabwezera, osalandira kanthu. Pamenepo mwana anampempha kuti, "Agogo, lembanimo dzina lanu, kuti akadzandifunsanso ndidzawaonetse." Anakana poyamba, nati dzina la munthu wosauka silikometsa katundu. Potsiriza analoŵetsa pensulo m'bowo, nalemba movutikira dzina lake ndi chaka. Anatipempha kuti tisalilengeze, chifukwa maso ake sangathenso kulandira ntchito zambiri, ndipo pempho lake talisunga. Ana ake aamuna, wina ali pa kabaza, wina anapita ku South Africa, ndipo palibe amene anafuna kuphunzira ntchitoyi. Kandodo kaja anatibwereka sabata imodzi, ndipo tinakopera timizere take pa kathabwa ka mbaŵa kamene tikusunga m'kabati ya ku sukulu. Koma kukopera timizere n'kosavuta. Kudziŵa ndi chala kuti thabwa lapalidwa mokwanira sikunalembedwe pa kandodo. Tinatuma anyamata aŵiri kuti azipita kwa iye Loŵeruka. Mmodzi analeka pa ulendo wachitatu, winayo anapirira.

Pa Khirisimasi chaka chomwecho tinapita kukaona amai athu kumudzi, pafupi ndi Goliati. Bambo anatisiya kale. Amai apitirira zaka 80, ndipo maso ao saonanso bwino. Njira yonse tinali ndi nkhaŵa, pakuti za gitala sitinawauze, ndipo tinalangiza mwana kuti aisiye m'thumba mpaka titaona m'mene zinthu zilili. Koma ana a m'mudzi anaiona, ndipo madzulo anamuumiriza. Anaimba nyimbo ziŵiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu, motsitsa. Amai anali pa mphasa, atatembenukira kumbali. Itatha yachiŵiri anati, "Bwera nacho kuno." Mwana anatiyang'ana, nagwada, napereka ndi manja aŵiri. Amai anaisisita kuyambira ku mutu, kutsika ndi khosi, kuzungulira m'chiuno, monga amachitira ndi mdzukulu wobadwa kumene. Anakodola nsambo imodzi ndi chikhadabo, namvetsera mpaka mau atazilala.

"Ya achimwene inali yaing'ono chomwechi," anatero. Kenaka anaibwezera kwa mwana. "Imbanso yoyamba ija. Koma usathamange, agogo akofe makutu anatha."